Tsiku Limene Ndinatuluka M'nyumba ya Siwa

Chifundo ndi Mphatso, ana anga, poti tsopano makina ndinawasiya chifukwa cha maso, ndati ndilembe za ntchito yanga m'kope muno kuti mudzawerengere ana anu. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndiye musayang'ane kalembedwe. Za ubwana wanga sindilemba, mumazidziwa kale. Chimene ndikufuna mumve ndi nkhani imene takhala tikuizemba tikakhala pamodzi: chifukwa chimene ndinalolera kutaya bulauzi yanga yoyera ya gulu la amayi kumpingo, pamodzi ndi ntchito imene inkatidyetsa, tsiku la maliro a bambo anu. Munalipo, koma munaona za panja zokha. Iwe Chifundo unandikwiyira miyezi ingapo, ndipo sindinakudzudzulepo. Kuti mumve bwino, ndiyambire kumene ndinayambira kusoka.

Makata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pa fakitale ya zovala ku Makata. Ndinkakhala kwa azakhali anga ku Nancholi, ndipo iwo ndi amene anakandilankhulira kwa kapitawo wa pamenepo, aJosamu. Ndinayamba ndi kudula tiulusi totsalira pa malaya amene atha kusokedwa. Kenako anandipatsa mabatani, ndipo patatha chaka ndinakhala pa makina a makolala. Pa fakitale munthu sasoka malaya athunthu. Wina amasoka manja okhaokha, wina matumba, ine makolala, kuyambira m'mawa mpaka belu loweruka. AJosamu anali munthu wa wotchi. Belu likangolira ankatseka geti, ngakhale akukuona ukuthamanga. Akapeza kolala yopindika ankaikweza m'mwamba kuti holo yonse ione, n'kufunsa kuti mwini khosi lokhota chonchi ali mudzi uti kuti tikamupatse malaya ake. Tinkawaopa, koma ndi iwo omwewo amene anandilola kumakhala pa tebulo la odula nthawi ya nkhomaliro, kumaphunzira kudula pa zidutswa. Fakitale itagula makina atsopano, anandilembera dzina kuti nditengeko akale amodzi opalasa ndi mapazi.

Makina amenewo ndinawaika pakhonde kwa azakhali, ndipo Loweruka masana ndinkasokera anthu a m'dera. Ndi pamene anabwera bambo anu, ali mnyamata woonda, atakanikiza tsitsi lonse m'chipewa, nsalu yofiira ili m'khwapa. Nthawi imeneyo boma linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali komanso kuvala mathalauza otambalala kumapazi amene tinkati mabelu. Ukapezeka nawo pamsewu ankatha kukung'ambira pomwepo. Bambo anu ankafuna mabelu, ndipo matelala a ku Limbe anali atawakanira onse. Nanenso ndinakana, ndinati sindikufuna kutaya ntchito chifukwa cha miyendo ya munthu wosamudziwa.

"Achemwali, sindikuti ndiziyenda nawo m'tauni," anatero. "Ndi a pa siteji pokha."

Ndinawafunsa kuti nanga pa sitejipo azikafika bwanji, aziuluka? Anaseka mpaka chipewa chinagwa, tsitsi n'kutumphuka. Anasiya nsaluyo pa makina n'kunena kuti abweranso. Ndinaiganizira masiku awiri ndili pa makolala. Mapeto ake ndinasoka thalauza lokhala ndi chipindo chobisika kuyambira pabondo kutsika, chotsekedwa ndi timabatani todina. Ukatseka, linkaoneka thalauza la munthu wa muofesi. Ukatsegula, mabelu. Pasanathe mwezi bandi yonse inali itafika pakhonde la azakhali ndi nsalu zawo.

Dzina lawo linali Alufeyo, koma Blantyre yense ankawadziwa kuti Manzere, chifukwa gitala ankaimba ndi dzanja lamanzere. Nsambo ankazimanga chotembenuza, moti panalibe amene akanaibwereka. Masana ankakonza mawailesi ku Limbe. Ndinakawaona akuimba Loweruka lina masana m'holo ya ku Limbe komweko, ndipo ndinauza azakhali kuti ndikukaona ngati timabatani tanga tikugwira. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ndinali ndisanamvepo chinthu chotero. Gitala ya magetsi inkalira ngati sitima ikamachenjeza anthu pa njanji, kenako n'kutsika n'kumalankhula ngati munthu. Nyimbo za mtundu umenewo ankati roko, ndipo ena ankaziimba m'Chingerezi, koma bambo anu ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi, za anthu oima pageti la fakitale kudikira ntchito, za lendi, za basi yosabwera. Munthu wofatsa uja pa siteji ankasanduka wina. Analumpha, anagwada, anadzukanso. Timabatani tinagwira.

Nkolokosa ndi Limbe, zaka za m'ma 1980 ndi 1990

Tinakwatirana kutchalitchi, tinapeza nyumba ku Nkolokosa. Iwe Chifundo uli wakhanda, akulu a mpingo anaitana bambo anu. Bandi inali itayamba kuimba m'mahotela ndi m'malo omwera mowa, chifukwa kunalibe kwina kumene woimba akanadyera. Anawauza kuti asankhe. Bambo anu mowa sankamwa, munthu wa tiyi wa masamba ambiri, koma akuluwo anati woimbira oledzera ndi woledzera sasiyana. Anadulidwa mumpingo. Atabwera kunyumba anakhala pampando nthawi yaitali, kenako anati ine ndisasiye chifukwa cha iwo. Anati, inu ndi mpingo wanu, ine ndi gitala yanga, denga ndi limodzi.

Tinakhala choncho. Lamulungu lililonse ankandiperekeza mpaka pageti la tchalitchi atanyamula mwana, n'kukhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu kumvetsera nyimbo. Pobwerera ankandiuza kuti lero amayi a mawu apakati amathamanga, kapena kuti woyambitsa anakweza kwambiri. Nditalowa gulu la amayi limene limakumana Lachinayi, ndi iwo amene ankandisitira bulauzi yoyera ndi duku, ati ine ndimasita ngati ndikuthawa moto. Koma kuyambira pamenepo sindinapitenso kokaona bandi. Mayi wovala zoyera sakanapezeka kumeneko. Ndinkawamva pa wailesi, komanso m'nyumba akamayeseza gitala yosalumikiza ku magetsi, imene imangomveka ngati udzudzu. Iwo sanandiitanenso, ndipo ine sindinafunse.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Nsambo za gitala m'masitolo munalibe, moti bambo anu ankamasula waya wa mabuleki a njinga n'kumasankhamo tingwe, zala zonse zili mabala. Ku fakitale ulusi unkatha, tinkakhala pa makina manja ali pachifuwa, aJosamu akungoyang'ana wotchi yawo. Kenako kunabwera kaunjika. Munthu akagula malaya a kaunjika pamsika sakanabweranso kwa ife. Holo inayamba kuchepa anthu, mzere uwu lero, mzere uwo mwezi wamawa. Tsiku lathu litafika aJosamu anaima pageti n'kugwira chanza aliyense, chinthu chimene anali asanachitepo. Bambo anu anapekapo nyimbo ya geti lotsekedwa, ndipo inamveka kwambiri pa wailesi.

Ndinanyamula makina anga kupita nawo ku Limbe, pakhonde la sitolo ya nsalu ya Mmwenye wina wachikulire amene tonse tinkangomutchula kuti aBabu. Lamulo lawo linali limodzi: malo ndikupatsani, koma kasitomala wanu nsalu azigula muno. Pakhondepo panali matelala anayi, onse amuna. Tsiku loyamba wina anati makina opalasa si mtondo, mayi, muthyoka msana. Ndinamuyankha kuti aone kaye kolala imene ili m'manja mwakeyo, chifukwa ku Makata akanaikweza m'mwamba. Anzake anamuseka, ndipo kuyambira pamenepo makolala awo onse ankabwera kwa ine. ABabu atamva kuti ndine mkazi wa Manzere anatuluka m'kauntala kudzandiyang'anitsitsa. Anati kaseti ya bambo anu ali nayo m'galimoto, koma akazi awo amati imawapweteka mutu, ndiye amamvera akakhala okha.

Kuyenda ndi bambo anu mu Limbe inali ntchito. Oitanira minibasi ankakuwa dzina lawo kuchokera tsidya lina la msewu, aliyense akuwakokera ku galimoto yake. Amayi a pamsika ankawaitana kuti alamu. Ankaima kwa aliyense, kufunsa za ana, za matenda, moti kukagula tomato kunkatha m'mawa wonse. Ine ndinkaima pambali ndi dengu, kunyada pang'ono, kuchita manyazi pang'ono, ndikuyang'ana ngati pali wa kumpingo amene akutiona.

Nkolokosa, zaka za m'ma 2000

Wapampando wa gulu lathu la amayi anali Mayi Sambani, mayi wamkulu thupi, wa mawu amodzi, amene amuna awo anamwalira kale. Lachinayi lina anandigwira phewa n'kufunsa amene anasoka bulauzi yanga. Nditati ndine ndemwe, anaitembenuza kolala, n'kuyang'ana msoko wa mkati. Sabata yotsatira anabwera kunyumba ndi mpukutu wa nsalu yoyera. Kuyambira pamenepo mayunifolomu onse a amayi olowa kumene ankasokedwa ndi ine, ndipo mipingo ina ya mbali yathu itaona inayamba kutumiza miyeso. Ndinatsanzika kwa aBabu n'kubweza makina kunyumba. Ntchito imeneyi ndi imene inakuphunzitsani nonse awiri, chifukwa nthawi imeneyo mabandi anali atayamba kuchepa mphamvu, achinyamata akuimba ndi makompyuta.

Pobweretsa mpukutu woyamba uja Mayi Sambani anaona gitala itapachikidwa pakhoma. Anati alibe nawo mlandu bambo a m'nyumba muno, koma phokoso lawo lisamayandikire nsalu yoyera. Ndinavomera. Majekete a bandi ndinkasokabe, koma ndikamva amayi akuodira panja ndinkawaponya m'dengu n'kuvundikira. Bambo anu ankaona. Ankangotenga chipewa n'kutulukira khomo la kuseri kuti amayi ayesedwe momasuka. Zimenezi ndikuzilemba chifukwa ndi zoona, ngakhale sizindikomera.

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Matenda a shuga anayamba ndi kuwalanda zala. Ankagwira nsambo osazimva. Anaimbabe choncho zaka ziwiri, akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Anamwalira m'chipatala m'mawa, ine ndikuwapukuta kumaso. Pofika masana wailesi inali italengeza, ndipo nyimbo zawo zinkamveka m'minibasi ndi m'magolosale. Pofika tsiku lotsatira msewu wathu unali utadzaza mpaka kumsika, anthu amene ine sindinawaonepo.

Mwambo mukuudziwa. Namfedwa amakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, atafunda kumutu, amayi atamuzungulira. Satuluka, salankhula za dongosolo. Zonse amakamba ndi amuna panja. Mwini maliro anali akulu awo a bambo anu, alamu anga aDaisoni, amene anabwera kuchokera kumudzi. Amayi a gulu lathu anabwera onse atavala zoyera, mabulauzi osoka ine ndemwe, ndipo Mayi Sambani anakhala pambali panga osasuntha. Ndi iwo amene anandinong'oneza zimene amuna anagwirizana. Mkulu wa mpingo, Bambo Malunga, anauza alamu kuti munthu wodulidwa mpingo sumuimbira, koma akulu akhala pansi ndipo chifukwa cha zaka zimene ine ndatumikira, alola kuchita mwambo wonse, nyimbo ndi ulaliki. Anangopempha chinthu chimodzi: pasamveke gitala kapena ng'oma ya bandi, pakhomo ngakhale kumanda. ADaisoni anavomera ndi manja awiri. Kumudzi ndi manyazi aakulu munthu kuikidwa popanda nyimbo za mpingo, ndipo iwo ankaopa zokafotokoza. Mayi Sambani anati ndithokoze Mulungu, ndipo ndi iwo eni ake amene anakagwada kwa akuluwo. Ndipo ndinathokozadi kuchokera pansi pa mtima.

M'mawa wa tsiku loika, bokosi litafika, ndinamva lole ikuima panja. Pawindo ndinaona masipika ndi jenereta, ndi anzawo a bambo anu atavala majekete ofiira amene ndinasoka ine. Patsogolo panali aKenala, woimba ng'oma amene anayamba nawo limodzi, tsopano akuyendera ndodo. Alamu anapita kukalankhula nawo. Sindinamve mawu, ndinangoona aKenala akuvula chipewa, kugwedeza mutu, n'kutembenuka. Sanakangane. Lole inayamba kubwerera cham'mbuyo, anthu akuipatukira mwakachetechete.

Ana anga, sindinganame kuti bambo anu anasiya mawu. Sanandiuzepo kuti mudzandiike chotere. Nyimbo za mpingo ankazikonda, munthu amene anakhala pansi pa mtengo zaka zonse zija kuzimvetsera. Ndikanakhala chete palibe akanandinena, ndipo mwina iwonso sakanadandaula. Ndinkadziwanso kuti pa alumali kuchipinda pali mipukutu iwiri yoyera yodikira amayi olowa chaka chimenecho, ndi kuti ine ndi mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu amene alibe ntchito ina. Koma nditaona majekete aja akubwerera, ndinaona ngati ndawaponyanso m'dengu n'kuvundikira. Moyo wawo wonse ankatulukira khomo la kuseri kuti ine ndisachite manyazi. Ndinalephera kuwatulutsiranso khomo lomwelo ulendo womaliza.

Ndinaimirira. Mayi Sambani anagwira chitenje changa.

"Mukupita kuti? Namfedwa satuluka."

Ndinati ndikubwera, n'kumasula dzanja lawo pang'onopang'ono. Ndinatuluka wopanda nsapato. Amuna onse amene anakhala m'mabenchi anandicheukira. Ndinayenda mpaka pamene panakhala alamu ndi Bambo Malunga, ndinagwada monga mwa ulemu, n'kupempha alamu kuti atume munthu aitane lole ija.

"Mlamu, bwererani m'nyumba. Nkhaniyi takambirana kale."

"Mwakambirana ndi yani, alamu? Ine ndinali pamphasa."

Kenako ndinatembenukira kwa Bambo Malunga. Ndinawathokoza chifukwa cha chifundo chimene mpingo unachita, n'kupempha kuti zichitike zonse ziwiri: mpingo uimbe ndi kulalika mpaka kumaliza, kenako anzawo amuimbire mnzawo ponyamuka. Bambo Malunga sanali munthu woipa. Anandiyankha motsitsa mawu kuti lamulo si lawo, iwo angotumidwa, ndipo gitala ikangolira iwo anyamuka ndi anthu awo onse. Anawonjeza kuti nkhani yanga inenso idzafika ku bwalo la akulu.

"Mukudziwa chimene chitsatire, Mayi?"

"Ndikudziwa, Abambo."

Anatseka buku lawo la nyimbo. Alamu anagwira mutu ndi manja awiri, akuti azikauza chiyani anthu kumudzi. Iwe Mphatso ndi amene unathamangira lole, sindinakutume ndine. Amayi ovala zoyera anatuluka m'nyumba mondondozana, Mayi Sambani patsogolo, osandiyang'ana. Iwe Chifundo unali wa kwaya nthawi imeneyo, ndipo ndinakumva ukulira kuseri kwa nyumba kulira kwina kosiyana ndi kwa maliro. Ndinabwerera pamphasa m'nyumba mutatsala achibale okha. Patapita kanthawi kunalowa amayi asanu a gulu lathu lomwelo, atavula maduku oyera, atafunda zitenje pamwamba pa mabulauzi. Mmodzi anati iwo abwera ngati anansi, ndipo mnansi saletsedwa maliro.

Bandi inaimba bokosi likutuluka. Gitala ya bambo anu anaigoneka pamwamba pa bokosi, ndipo malo awo pa lole anawasiya opanda munthu. Sanaimbe mwaphokoso monga ankaopera akulu. AKenala anagwira ng'oma mwa mayendedwe a munthu wonyamula katundu, lole ikuyenda pang'onopang'ono kutsogolo, ife pambuyo. Atayamba nyimbo ya geti lotsekedwa, msewu wonse unailandira. Oitanira minibasi, amayi a pamsika, abambo a mataye amene anathawa m'maofesi, ngakhale mwana wa aBabu amene anatseka sitolo tsiku limenelo. Pofika pakati pa nyimbo, pamene bambo anu ankaimba okha ndi gitala, bandi inasiya malowo opanda kanthu, ng'oma yokha ikugunda, ndipo anthu onse anakweza dzanja lamanzere m'mwamba. Ndinafunsa mayi amene anandigwirizira kuti akutani. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti amatero nthawi zonse, chiyambire kalekale. Mu msewu wonsewo, amene sankadziwa ndinali ine ndekha, mkazi wawo. Ndinakweza langa.

Kumanda kunalibe mlaliki. Anapemphera ndi bambo wina wokalamba woyandikana nafe, pemphero lalifupi. Amayi asanu aja anayambitsa nyimbo ya mpingo motsitsa, ndipo a magitala anaitsatira pansipansi mpaka dothi linatha. Tikubwerera, mayi wina wogulitsa nsomba zouma anandigwira dzanja n'kundiuza kuti amuna ake atachotsedwa ntchito ku Makata anakhala mwezi osatuluka m'nyumba, ndipo chimene chinawadzutsa ndi kumva pa wailesi kuti pali wina amene akudziwa za geti lija. Sindinamufunse dzina.

Zaka zotsatira

Kalata inabwera patatha masabata atatu. Ndinaimitsidwa ku mgonero ndi ku gulu la amayi. Mipukutu ija anatuma munthu kudzatenga, ndipo ntchito inapita kwa telala wina wa ku Ndirande. Mipingo ina nayo inasiya kutumiza miyeso. Bulauzi yanga ndinaichapa n'kuipereka kwa mayi wina wosauka amene ankalowa kumene, chifukwa sindinkafuna kumaiona m'sutikesi. Miyezi yoyamba inali yowawa, makina ankakhala masiku osalira. Kutchalitchi sindinasiye. Ndinkakhala benchi ya kumbuyo nditavala chitenje wamba, ndipo poweruka ndinkadutsa pa mtengo uja.

Ntchito inabwera kuchokera kumene sindinkayembekeza. AKenala anayamba kutumiza oimba, ena a magitala, ena a nyimbo zamakonozi, aliyense akufuna jekete losoka mkazi wa Manzere. Ankabwera ndi zithunzi m'mafoni, zovala zina zoti ine sindinkadziwa kumene kuli kutsogolo. Ndinkawasokera, ndipo sindinkavundikiranso kanthu. Amayi a pamsika anabweretsa mayunifolomu a sukulu a ana awo. Sizinafike pa zoyera zija, koma sitinagone ndi njala. Iwe Chifundo unabwera tsiku lina ndi diresi loti ndikuchepetsere, limene silinkafunika kuchepetsa, ndipo tinadziwa tonse kuti nkhani yatha.

Patatha zaka ziwiri anandiitana ku bwalo la akulu. Anandifunsa ngati ndikuvomera kulakwa. Ndinati ndikupepesa kuti ndinatuluka m'siwa ndi kutsutsa akulu pamaso pa anthu, zimenezo sizinali zaulemu. Koma za nyimbo sindingapepese, chifukwa ndikhala ndikunama m'nyumba ya Mulungu. Bambo Malunga anatsokomola, analemba kanthu m'buku, n'kunena kuti mayiwa apepesa. Chimene analemba sindikuchidziwa mpaka lero. Ndinabwezedwa ku mgonero. Koma za gulu la amayi anati zili m'manja mwa eni ake, ndipo Mayi Sambani zaka ziwiri zonsezo ankangondipatsa moni wa pamsewu. Kukawapempha ndinkalephera. Ndinkadziwa kuti anagwada kwa akulu chifukwa cha ine, ndipo ine ndinawachititsa manyazi pamaso pa Nkolokosa yense.

Lachiwiri lina m'mawa ndikusoka kabudula wa sukulu, ndinamva odi. Anali Mayi Sambani, thukuta lili kumaso, phukusi lili m'manja. Ndinawapatsa mpando. Anafunsa za inu, za mvula, za mwendo wanga, kenako anamasula phukusi. Inali nsalu yoyera. Anati telala wa ku Ndirande uja amasoka ngati akusoka thumba la ufa, m'khwapa mumathina moti munthu sungakweze manja popemphera, ndipo iwo atopa kupemphera ngati nkhuku yomangidwa. Ndinati miyeso yawo ndinali nayo m'kope lakale. Anati ndiyeze kachiwiri.

Ndikuwazunguliza tepi, iwo atayang'ana kukhoma, anayamba kulankhula ngati akuuza khomalo. Anati tsiku lija sanapite kutali. Anakaima kuseri kwa mpanda wa golosale ya pakona, ndipo bokosi linadutsa iwo ali pomwepo. Anati nyimbo ya geti ija malemu amuna awo ankaiimba posamba, molakwitsa mawu, tsiku lililonse mpaka anadwala. Ndinapitiriza kuyeza, chifukwa ndikanayankha tikanalira tonse, ndipo Mayi Sambani sankakonda kuonedwa akulira.

"Mwanenepa, Mayi," ndinatero ndikuwerenga tepi.

"Yezani, musalalikire."

Nditamaliza ndinatambasula nsalu pa tebulo kuti ndiike choko. Inali yambiri. Ndinawauza kuti wa sitolo wawanamiza, apa patuluka mabulauzi awiri ndi duku, ndiye yotsalayo ndidzawasungira. Iwo anali atafika kale pakhomo, akuvala nsapato.

"Nsalu ndimadziwa kugula, Mayi," anatero osatembenuka. "Lachinayi timayamba 2 koloko. Musachedwe."